Thalakitala yotchipa ya mu kontena kapena ya dzina: ikafa mu Novembala mudzathamangira kuti?

Chaka chilichonse anthu akangogulitsa fodya ndi soya, cha mu Julaye mpaka Seputembala umu, WhatsApp yanga imadzadza ndi zithunzi za mathalakitala otchipa obwera mu kontena kuchokera ku China. Yofiira, yobiriwira, ina yabuluu yonyezimira bwino, pansi pake alemba 80 HP, 4WD, ndipo mtengo wake pena umakhala theka la umene akuuzani kwa ogulitsa Massey Ferguson kapena John Deere mtauni. Nde funso limakhala lomwelo, bwana makaniko ndigule? Ambiri ofunsa ndi anthu apantchito amene apeza malo ku Mchinji, Kasungu, Dowa uko, ena ali ku Joni kapena ku UK akufuna kutumizira abale kumudzi, ndalama yake ndi yokhetsera thukuta, nde ndiyankhe mofatsa.

Tichotse kaye maganizo oti ya ku China ndi yachabechabe ndipo ya dzina ndi ya ku Ulaya. Zimenezo zinatha kalekale. John Deere zazing'ono za 5E zimene mumaziona m'maesiteti zimapangidwa ku Pune, India. New Holland za TT ndi za ku India komweko. Massey 375 ndi 385 zimene zafala kwambiri kuno zambiri zimachokera ku Lahore, Pakistan, kufakitale ya Millat, ndipo ku Chennai kampani ya TAFE yakhala ikupanga Massey kuyambira zaka za m'ma 1960. Ku China nako kuli mafakitale enieni akuluakulu, YTO ya ku Luoyang inayamba m'ma 1950, kuli Lovol ya ku Weifang imene injini zake zina zinachokera ku mtundu wa Perkins. Koma ku China komweko kulinso timakampani tambirimbiri timene timangogula injini uku, giyabokisi uko, ma axle kwina, nkumanga, nkupopera penti, nkumata dzina lililonse limene wogula wapempha. Pachithunzi zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo zimene zimandidetsa nkhawa ine ndi zomata dzinazi.

Chifukwa chake ndi nyengo yathu. Ntchito yaikulu ya thalakitala kuno ndi ya milungu yowerengeka, kuyambira Okotobala mpaka mvula yobzalira itagwa mu Novembala kapena Disembala. Thalakitala ya 75 HP, kutanthauza mahatchi a mphamvu ya injini, yokoka pulawo ya madisiki atatu imalima mahekitala awiri, atatu patsiku zinthu zikamayenda bwino. Nde werengani nokha, ikaima milungu itatu kudikira sipeya, mwataya mahekitala angati, anu omwe ndi a anthu amene munawalonjeza kuti mudzawalimira pa hayala, ena analipiriratu. Chimanga chobzala mochedwa aliyense amadziwa mmene chimatulukira. Ndipo thalakitala iliyonse imafa, olo ikhale ya mtengo bwanji, kilachi imatha, silu ya hydraulic imadontha, beringi imalira. Chimene chimasiyanitsa ndi masiku amene imakhala itagona.

Ndinaitanidwapo kumunda wina chigawo chapakati kukaona thalakitala yoti matayala ake anali akadali ndi timinga take ta kufakitale. Inali pansi pa mtengo wa mango, fumbi lili mbuu, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando. Chimene chinafa ndi kagiya kamodzi ka mu axle yakutsogolo, kokwana m'dzanja. Buku la masipeya kunalibe, kachitsulo ka manambala ka pa axle kanalembedwa m'Chitchaina chokhachokha, dzina lomwe linali pa boneti silimapezeka paliponse. Mwiniwake analankhula ndi amene anamugulitsa, anamuuza kuti ajambule, anajambula, anatumiza ndalama, patapita mwezi ndi kanthu kagiya kanafika koma mano ake osafanana ndi koyamba kaja. Bambo ameneyo chaka chimenecho analimitsa munda wake ndi thalakitala yahayala, yake yatsopano ikuyang'ana. Zinandiwawa kwambiri chifukwa injini yake inali yabwinobwino, imalira mokoma.

Tsopano tengani Massey 290 yakalekale ya injini ya Perkins. Ikafa pampu ya madzi mumamasula, kuika mu jumbo, kukwera minibasi kupita ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, kungoionetsa munthu wa sitolo amadziwa kale kuti ndi ya chani. Zapachiyambi zenizeni mukazifuna kuli a FES amene amagulitsa Massey kuno, zotchipirapo za ku India ndi Turkey ziliponso, olo zakaunjika zophwasula ku inzake yakufa. Makaniko wa pa trading centre anaitsegulapo injini imeneyi kambirimbiri, sakuphunzirira pa yanuyo. Ndalama yoonjezera imene mumalipira pa thalakitala ya dzina, mbali yaikulu mukulipira zimenezi.

Nkhani ina imene anthu amapusitsika nayo ndi ya mahatchi, HP ija. Nambala imene amalemba pa boneti ndi mphamvu ya injini payokha, ikamafika ku PTO, shafuti yakumbuyo ija yoyendetsa chigayo, sheller kapena slasher, imakhala itatsika kale, pofika kumatayala nde yatsikanso. Komanso injini yopanda turbo imataya mphamvu mukamakwera kumtunda chifukwa mpweya umapepuka, pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000, nde musanalime nkomwe gawo limodzi mwa magawo khumi lapita, ku Dedza nde kuposa pamenepo. Koma chachikulu chimene ndimayang'ana ine ndi kulemera kwa thalakitalayo. Massey ya 75 HP imalemera kupitirira matani awiri, chitsulo chimenecho ndi chimene chimakanikiza tayala pansi kuti ligwire dothi. Zotchipa zambiri amatenga thupi la thalakitala ya 50 HP nkuikapo injini yaikulu kuti nambala ikome pa malonda, mtima wa ng'ombe pa miyendo ya mbuzi. Mu mchenga wa ku Kasungu mwina ipirira, koma ipititseni mu katondo wouma wa mu Okotobala kapena makande a ku Chikwawa ndi Phalombe, matayala amangozungulira pamodzimodzi, dalaivala amathira madzi m'matayala, kumangirira zitsulo kutsogolo kuti igwire, ikagwira nde mphamvu yonse ija imakathera pa magiya ndi ma axle amene sanapangidwire katundu wotere. Pulawo ikakodwa pa chitsa chobisika, chimathyoka ndi cham'kati. Nde pofunsa mtengo funsaninso kuti ikulemera makilo angati, ndipo hydraulic yake imanyamula makilo angati kumbuyo. Onaninso mapini a kumbuyo kuja omangirapo pulawo, alipo a Category 1 a mamilimita 22 ndi a Category 2 a mamilimita 28, mapulawo ndi ma harrow ambiri a thalakitala zazikulu amene mungabwereke kapena kugula kuno ndi a Category 2. Ndaonapo anthu akuboola ndi kuwotcherera thalakitala yatsopano tsiku loyamba kuti pulawo ilowe.

Sikuti za dzina zilibe zovuta zake ayi. Mtengo wokha umathawitsa, ndipo masipeya ake amatsatira dola, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense wa thalakitala anamva kuwawa, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja kumene kumachititsa kuti olo ogulitsa akuluakulu pena akuuzeni kuti tadikirani katundu ali m'njira. Ngati munda wanu uli ku Chitipa kapena Nsanje, makaniko wa kampani kuti abwere mumalipira ulendo wake wonse. Komanso mitundu ina yatsopano ya injini za common rail, zoyendera kompyuta zija, sizigwirizana ndi dizilo wa m'zigubu amene timagula mafuta akasowa, kamadzi pang'ono kapena fumbi ma injector apita, ndipo kuti mudziwe chavuta nchani pamafunika laputopu ya kampani. Apa nde zotchipa zambiri zimapambana, pampu yake ya dizilo ndi yachikale ija yopanda mawaya, imene anthu okonza mapampu mtauni amaitha. Kumudzi ine ndimalimbikitsa pampu yachikaleyi, kaya thalakitalayo ndi ya dzina kaya ayi, ndipo muikepo fyuluta yochotsa madzi mu dizilo.

Ena amati basi ndigula Massey yakale. Ndi nzeru yabwino, koma penti isakunamizeni, kuli anthu amene ntchito yawo ndi kutsuka thalakitala yotopa nkuipopera yofiira, mita ya maola nkusintha. Pitani m'mamawa injini isanalizidwe, igwireni kaye ngati ili yozizira, muone ikulira msanga bwanji komanso utsi wake, wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oyilo. Ikani dzanja pa kapaipi kopumira injini kumbali kuja, kakamafwenthera utsi wambiri maring'i atha. Tsegulani radiator muone ngati muli oyilo, solani dipstick muone ngati oyilo wayera ngati mkaka. Kenako mangani pulawo, inyamule m'mwamba, zimitsani injini nkudikira, ikamatsika msangamsanga hydraulic yatopa. Ndipo ilime ndithu, olo mizere ingapo, chifukwa giya yothawa imaonekera pokoka katundu.

Za walanti ndinene mwachidule. Ya mu kontena akakuuzani kuti chaka chimodzi, kawirikawiri amatanthauza kuti sipeya adzakupatsani ulere koma kutumiza ndi kumanga ndi zanu, makaniko sabwera. Mtengo wa pa intaneti ujanso nthawi zambiri umathera padoko la kwawo, muonjezerepo sitima mpaka Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, zolipira padoko, ajenti, lole yofikitsa kuno, ndipo za msonkho kafunseni ku MRA musanatumize ndalama, osati katundu ali kale pa Songwe kapena Mwanza. Zambiri zimabwera zomasula matayala ndi zina kuti zikwane mu kontena, nde pafunikanso munthu wodziwa kumanga. Mukaphatikiza zonsezi theka lija limakhala litakwera ndithu. Ganiziraninso tsiku lodzagulitsa, Massey ya zaka 30 ikangomveka kuti ikugulitsidwa anthu amabwera okha, pomwe yopanda dzina lodziwika olo ikhale ya zaka zitatu ogula amafunsa funso lomwe lija la masipeya nkubwerera.

Nde ine ndimalangiza chonchi. Ngati munda wanu sukupitirira mahekitala khumi ndipo mulibe pulani yolimira ena, musagule kaye, pangani hayala, ndalamayo ipite ku feteleza, mbewu ndi mjigo, thalakitala yongolima sabata imodzi pachaka nkukhala siibweza ndalama yake. Ngati ulimi ndi umene ukudyetsani, kapena mukufuna bizinesi yolimira anthu, gulani imene ili ndi ogulitsa okhazikika m'dziko muno, ndipo apa musaiwale za ku India monga Mahindra, TAFE, Sonalika ndi Farmtrac, zimene mtengo wake umakhala pakatikati ndipo zinapangidwira alimi a minda ngati yathuyi, chachikulu muonetsetse kuti amene akukugulitsaniyo ali ndi sitolo ya masipeya ndi amakaniko ake.

Yotchipa ya ku China ili ndi malo ake, ndipo ndaziona zina zikugwira ntchito zaka ndithu osavuta. Zimenezo zimakhala za fakitale yodziwika, mwiniwake amaziyendetsa yekha kapena ali ndi dalaivala mmodzi wosamala, ntchito yake ndi kukoka thelera, kupopera mankhwala, kupanga mizere, kuyendetsa sheller pa PTO yozungulira ka 540 pa mphindi, osati kuswa mphanje ya zitsa. Mukasankha njira imeneyi gulani yokulirapo kuposa imene mukuganiza kuti ikukwanirani. Uzani wogulitsa akutumizireni buku la masipeya la Chingerezi lokhala ndi manambala musanalipire, akuuzeni dzina ndi nambala ya injini, ya pampu ya dizilo, ndi saizi ya matayala kuti muone ngati amapezeka kuno, monga 16.9-30 kumbuyo. Mu kontena momwemo muikemo bokosi la mafyuluta okwanira zaka ziwiri, kilachi yathunthu, pampu ya madzi, pampu ya hydraulic, masilu, malamba, starter ndi ma injector, zimenezi kumeneko nzotchipa ndipo sizidya malo. Ikafika musathamangire kumunda, khetsani oyilo yense amene yabwera naye, wa mu injini ndi wa mu giyabokisi, mudzaona nokha tizitsulo ndi mchenga wa kufakitale zimene zimatuluka, thirani wabwino, mangani mabawuti onse makamaka a matayala, pakani girizi paliponse, ndipo ikakwana maola 50 mubwerezenso. Chitsulo chotchinga dalaivala ikagubuduka chija musalole kuti achichotse pofuna kutsitsa mtengo, ndipo mabuleki muwayese ndi thelera yodzadza pamalo athyathyathya musanaitsitse zitunda za ku Ntcheu kapena Ntchisi anthu atakwera pamwamba pa matumba.

Ngati mukugula kwa munthu amene wazibweretsa kale kuno, ali ndi yadi ku Kanengo kapena ku Limbe, ntchito yanu yaphweka. Musanakambe za mtengo muuzeni akuonetseni kilachi, pampu ya hydraulic ndi fyuluta ya dizilo ya thalakitala imeneyo, muzigwire ndi manja anu pa shelefu, osati pa foni. Kenako akupatseni alimi awiri amene anagula mtundu womwewo zaka ziwiri zapitazo, mupite mukawaone kumunda kwawo, mukafunse dalaivala osati bwana, kuti chinafapo nchani ndipo anadikira masiku angati.