Mlandu wa Lord Lucan ndi vuto lofufuza banja lomveka

Munthu akaphedwa m'nyumba ya banja lolemera ndi lomveka, ntchito ya wofufuza imakhala yomwe ija ya nthawi zonse: kutchinga malo, kutola umboni, kufunsa mboni. Chovuta ndi anthu ofunsidwawo. Saopa wapolisi, ali ndi maloya awo, ndipo ambiri anakulira limodzi, amasungirana zinsinsi.

Usiku wa Lachinayi pa 7 November 1974, mkazi wa Lord Lucan, bwana wa m'banja lomveka la ku Britain, analowa mothamanga m'bala ya Plumbers Arms ku Belgravia mu mzinda wa London, magazi ali chuchuchu m'mutu. Apolisi atafika kunyumba kwake, 46 Lower Belgrave Street, anapeza mtembo wa Sandra Rivett, mlezi wa ana wazaka 29, uli m'thumba lonyamulira makalata m'chipinda chapansi. Mayi wovulalayo anati amene anamumenya ndi mwamuna wake, yemwe anali atapatukana naye.

Amene anatsogolera kafukufukuyu, Roy Ranson, anadalira kwambiri zinthu zogwirika. Babu ya m'khitchini yapansi inali itazulidwa, kusonyeza kuti wakuphayo anabisalira mumdima. Lachinayi linali tsiku limene Sandra ankapuma, koma sabata imeneyo anasintha tsiku, ndiye apolisi anaona kuti wofunidwa anali mayi wa nyumbayo. Magazi nawo anathandiza. Nthawi imeneyo kunalibe kuyeza kwa DNA, ankangoyang'ana gulu la magazi, ndipo mwamwayi akazi awiriwo anali osiyana: Sandra gulu B, mkazi wa Lucan gulu A. Galimoto ya Ford Corsair imene Lucan anabwereka itapezeka ku doko la Newhaven, munali magazi a magulu onse awiri ndi paipi ya mtovu yokulunga ndi tepi, yofanana ndi imene inatoledwa m'nyumbamo.

M'makalata amene analembera mlamu wake, Lucan anati ankangodutsa pomwe anaona pa zenera munthu wina akulimbana ndi mkazi wake. Wofufuza wabwino sanyoza nkhani yotere, amakaiyesa. Apolisi anakaima panja pomwepo, napeza kuti kuona m'katimo n'kovuta ngati munthu sawerama.

Pamene panavuta ndi pa anthu. Usiku wa imfayo Lucan anafika kwa mnzake ku Uckfield, koma apolisi sanamve msanga, ndipo atachoka kumeneko sanapezekenso. Anzake otchova nawo juga ku Clermont Club sanamasuke pakamwa. Ine ndimaona kuti mlanduwu unatayika pamenepa, chifukwa wothawa amagwidwa m'maola oyambirira, ndipo maola amenewo anathera m'kugogoda mwaulemu pa zitseko za anthu osafuna kuyankhula.

Mu June 1975, bwalo lofufuza za imfayi linatchula Lucan kuti ndiye wakupha, mwiniwake palibe woti adziteteze. Ambiri sanasangalale nazo, ndipo mu 1977 lamulo linalanda mabwalo otere mphamvu yotchula munthu dzina. Choncho tiyenera kukumbukira kuti Lucan sanazengedwepo mlandu.

Chikalata cha imfa yake chinaperekedwa mu 2016, ndipo mwana wake anatenga udindo wa banjalo. Zimandiwawa kuti mpaka lero anthu amafunsa kokha kumene bwanayo anathawira, pamene Sandra Rivett, amene anangotsika kukawiritsa tiyi, palibe amene anaimapo m'khoti kuyankha za imfa yake.