Mfuti imapha kwambiri kuti, kumudzi kapena mumzinda waukulu?

Anthu ambiri kuno ku Mzuzu, makamaka amene ali ndi ana awo ku Joni kapena ku America, amakhulupirira kuti mfuti ndi vuto la m'mizinda ikuluikulu, ndipo kuti wofuna kugona tulo tamtendere ayenera kukakhala kumudzi. Ife amene timagwira ntchito ya zaumoyo, yofufuza chimene chikupha anthu ndi kumene chikuwaphera, timaona kuti chikhulupiriro chimenechi chili ndi choonadi pang'ono chabe, ndipo mbali imene chimasiya ndi imene ingapulumutse miyoyo yambiri.

Choyamba kumvetsa ndi kawerengedwe. Wailesi ikanena kuti mumzinda wa Chicago munaphedwa anthu pafupifupi 800 m'chaka cha 2021, aliyense amagwira pakamwa, ndipo m'pomveka, chifukwa aliyense wa anthu amenewo anali mwana wa munthu. Koma mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo kumene kuli anthu ambiri, maliro amakhalanso ambiri. Pofuna kudziwa kumene moyo wa munthu mmodzi uli pachiswe kwambiri, timawerengera imfa pa anthu 100,000 alionse. Tiyerekeze kuti mzinda wa anthu 1,000,000 wataya anthu 100, pamene dera lakumudzi la anthu 20,000 lataya anthu anayi okha. Mumzindamo ndiye kuti afa anthu 10 pa 100,000 alionse, koma kumudziko afa 20, kutanthauza kuti chiopsezo chakumudzi chaposa cha mumzinda kawiri, ngakhale kuti maliro anayiwo sadzamveka pa wailesi iliyonse.

Dziko la America ndi loyenera kuphunzirapo chifukwa lili ndi mfuti zochuluka ndiponso limalemba bwino chimene chapha munthu aliyense. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko anali ndi mfuti zoposa 390 miliyoni, kuposa chiwerengero cha anthu a m'dzikomo. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti, ndipo chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti oposa theka la iwo, anthu oposa 26,000, sanaphedwe ndi chigawenga ayi, anadzipha okha. Ophedwa ndi anzawo anali pafupifupi 21,000.

Apa ndi pamene kumudzi ndi mumzinda zimasiyanirana. Kuphana kumachuluka m'mizinda, pamene kudzipha kumachuluka kumidzi, kumene nyumba zambiri za alimi ndi alenje zili ndi mfuti. Popeza odzipha ndiwo ochuluka, ziwerengero ziwirizi zikaphatikizidwa sikelo imapendekera kumudzi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2023 m'magazini ya madokotala ya JAMA Surgery anapeza kuti pakati pa 2011 ndi 2020, madera akumidzi kwenikweni anali ndi imfa za mfuti pa anthu 100,000 alionse zochuluka ndi 37 peresenti poyerekeza ndi madera a m'mizinda ikuluikulu. Mu 2021 chigawo cha Mississippi chinataya anthu pafupifupi 34 pa 100,000 alionse ndipo cha Wyoming, chimene chilibe mzinda waukulu n'komwe, chinataya pafupifupi 26, pamene chigawo cha New York chinataya osafika 6.

Ngakhale mumzinda momwemo, ngozi sigawidwa mofanana. Ofufuza amene analondola kuwomberana mumzinda wa Boston kuyambira 1980 mpaka 2008 anapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a milanduyi anachitikira pa tizigawo ta misewu tochepa kwambiri, tokwana 5 pa 100 tiliwonse. Ophedwa ambiri amakhala anyamata a m'madera osauka amene amadziwana ndi owaphawo. Choncho kunena kuti mzinda wakutiwakuti ndi woopsa sikuthandiza kholo limene likudera nkhawa mwana wake, pokhapokha litadziwa dera limene mwanayo akukhala ndi anthu amene akuyenda nawo.

Nanga n'chifukwa chiyani mfuti ya m'nyumba imatenga miyoyo yambiri chonchi? Maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amadza mwadzidzidzi, munthu akapanikizika ndi ngongole, mkangano wa m'banja kapena mowa, ndipo kawirikawiri amatha pakapita mphindi kapena maola ochepa. Ambiri amene amapulumuka sadzafa modzipha m'tsogolo mwake. Mfuti siipereka mpata umenewo, chifukwa pa anthu khumi amene aigwiritsa ntchito motero, pafupifupi asanu ndi anayi amafa. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri pa nkhani yonseyi, kuti bambo amene anagula mfuti kuti ateteze banja lake kwa mbava amene mwina sadzabwera n'komwe, ndi amene mfutiyo imadzam'tenga pa tsiku limodzi loipa.

Kwathu kuno zinthu n'zosiyana, ndipo sitiyenera kungotenga ziwerengero za ku America n'kuziveka Malawi. Mfuti zili m'manja mwa anthu wamba ndi zochepa, zosafika imodzi pa anthu 100 alionse malinga ndi bungwe la ku Geneva lija, ndipo lamulo limafuna kuti munthu akhale ndi chilolezo asanasunge mfuti. M'mizinda yathu, mfuti imamveka kwambiri pa umbava wa m'masitolo, m'nyumba za anthu a malonda ndi pamene pakunyamulidwa ndalama. Mzuzu sudzaiwalanso tsiku la 20 July 2011, pamene zionetsero zinathera m'kuwomberedwa kwa anthu. M'dziko lonse munafa anthu 20, mzinda uno unataya ochuluka kuposa ina yonse, ndipo ena mwa iwo anaikidwa kumanda a ku Zolozolo. Kumidzi nako mfuti ziliko. Madera a m'malire analandira zida zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ndipo m'midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza mumapezeka mfuti za gogodela zimene opha nyama mozemba amagwiritsa ntchito, zomwe nthawi zina zimaphulikira mwini wake.

Chimene chimafanana pakati pa mudzi wa ku Wyoming ndi mudzi wa ku Chitipa ndi mtunda. Munthu wowomberedwa pachifuwa kapena pamimba amafa chifukwa chotaya magazi, ndipo chom'pulumutsa ndi kufika msanga pamene pali dokotala wa opaleshoni ndi magazi om'patsa. Wovulalira ku Chibavi kapena ku Katoto angathe kufika pachipatala chachikulu cha Mzuzu m'mphindi zowerengeka. Wovulalira m'mudzi wa ku Chitipa ayenera kupeza kaye njinga yamoto kapena galimoto yom'fikitsa pachipatala cha boma, ndipo ngati bala lake likufuna akatswiri, kutsogolo kwake kuli ulendo wa makilomita oposa 300 wodutsa pa Karonga ndi chikweza cha Chiweta. Bala limodzimodzilo, limene mumzinda likanasiya chipsera chokha, kumudzi limasanduka maliro. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, choncho mtunda umenewu ndi nkhani ya ambiri a ife.

Pa chifukwa chimenechi, ndimaona kuti anthu a chitetezo cha m'mudzi, mafumu ndi alangizi a zaumoyo ayenera kuphunzitsidwa kuletsa magazi, ndiko kupsinja pabala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza mpaka kufika kuchipatala, m'malo motaya nthawi kufuna kuchotsa chipolopolo. Amene ali ndi mfuti yovomerezeka aisunge yokhomeredwa, yopanda zipolopolo, ndipo zipolopolozo zikhale pamalo ena. M'nyumba mukakhala munthu amene wasweka mtima kapena wayamba kulankhula zotopa ndi moyo, mfutiyo ichotsedwe ndi kukasungitsidwa kupolisi, ndipo chimodzimodzinso mankhwala ophera tizilombo a kumunda asungidwe patali, popeza kwathu kuno ndi amene amapezeka pafupi kuposa mfuti. Munthuyo aperekezedwe kuchipatala chimene chili pafupi, kapena ku St John of God kuno ku Mzuzu, kumene kuli aphungu ndi madokotala a matenda a maganizo.