Star fruit ndi impso zanu: kupsa sikuchotsa vuto lonse

Star fruit, chimene ena amachitcha carambola, ndi chipatso cha misana isanu chomwe chimaoneka ngati nyenyezi mukachidula chopingasa. Chimalimidwa kwambiri ku Malaysia, Taiwan, India ndi Brazil, ndipo abale athu okhala ku South Africa ndi ku Britain amachipeza m'masitolo.

Kuwawasa kwake kumachokera makamaka ku asidi wotchedwa okisaleti. Chikadali chobiriwira, okisaleti amakhala wochuluka. Chikamapsa n'kusanduka chachikasu, shuga amawonjezeka, okisaleti n'kumachepa, koma satha yense. Mitundu yowawasa imakhala naye wambiri kuposa yotsekemera.

Okisaleti akalowa m'magazi amathera ku impso. Kumeneko amagwirana ndi kashiamu n'kupanga timiyala ngati mchenga, timene timatseka tinjira tosefera mkodzo. Miyala yambiri ya mu impso imapangika motere. Munthu wa impso zabwinobwino akadya chipatso chimodzi chakupsa, kawirikawiri sipakhala vuto. Choopsa ndi juwisi: zipatso zambiri zowawasa kuzifinyira m'kapu imodzi, n'kumwa m'mimba mulibe kanthu, mwinanso mutachita thukuta tsiku lonse osamwa madzi. Ku Kerala, m'dziko la India, madokotala alandirapo anthu amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito atamwa juwisi wa bilimbi, chipatso china cha m'banja limodzi ndi star fruit, poganiza kuti achepetsa mafuta m'magazi. Ena anachita kuikidwa pa makina a dayalisisi, osefa magazi m'malo mwa impso.

Ngati muli ndi matenda a impso, musadye star fruit ngakhale kachidutswa, kaya ndi chakupsa chotani. Kuwonjezera pa okisaleti, chili ndi poizoni wina wotchedwa caramboxin, amene ofufuza a ku Brazil anamuzindikira mu 2013. Impso zodwala zimalephera kumutulutsa, ndiye amakafika ku ubongo. Munthu amasanza, mutu umasokonezeka, amagwa ngati wakhunyu, ndipo ena amwalira nazo. Odwala shuga ndi BP, apa chonde samalani: impso zimatha kuwonongeka mwakachetechete inu osamva kalikonse, choncho yambani mwayezetsa impso musanadye chipatsochi.

Amene munadwalapo miyala ya mu impso, chipeweninso, ndipo muzimwa madzi okwanira kuti mkodzo usakhale wachikasu kwambiri.

Mukadya chipatsochi kenako mkodzo n'kuchepa, m'mbali mwa msana n'kumapweteka kapena kusanza kosaleka, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala msanga, mukawauze adokotala chimene mwadya, kuchuluka kwake ndi nthawi imene mwadyera.