Mmene fupa labowoledwera ndi mmene dzino loikirira limalimbira

Odwala ambiri akamva za implant amafunsa za chitsulocho: n'cha kampani iti, chachokera dziko liti. Ochepa amafunsa za bowo lomwe chilowemo, chikhalirecho nkhani yagona pamenepo.

Implant ndi kachitsulo ka titaniyamu kokhala ndi mazinga, komwe kamalowa m'fupa la nsagwada m'malo mwa muzu wa dzino lomwe linachoka. Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden ndiye anaona m'zaka za m'ma 1950 kuti fupa limakula n'kumatirira pa titaniyamu, ndipo mu 1965 anaika woyamba mwa munthu. Koma kumatirirako kumatenga miyezi. Nthawi yonseyi isanakwane, kachitsuloko kamangogwiridwa ndi kuthina kwa bowo basi.

Mdani wamkulu pobowola ndi kutentha. Mu 1983, ofufuza awiri, Eriksson ndi Albrektsson, anapeza kuti fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi limawonongeka. Thupi lili kale pa 37, ndiye mpata wake ndi madigiri 10 okha. N'chifukwa chake dokotala amayamba ndi chobowolera chopyapyala cha mamilimita pafupifupi 2, n'kumakulitsa bowo pang'onopang'ono, akulowetsa ndi kutulutsa, uku madzi amchere akuthiridwa kuziziritsa. Chobowolera chobuntha n'choopsa kuposa chothamanga, chifukwa chimakhuza m'malo modula. Fupa likapsa, wodwala samva kanthu tsiku limenelo. Patapita masabata, m'malo mwa fupa mumamera mnofu wofewa kuzungulira chitsulo, ndipo chimayamba kugwedera.

Komanso fupa si limodzi. Akatswiri a mano awiri, Lekholm ndi Zarb, analigawa m'magulu anayi mu 1985, kuyambira louma gwa mpaka lofewa ngati siponji. Kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi nthawi zambiri kumakhala kolimba. Kumbuyo kwa ya m'mwamba n'kofewa. Kalipentala amadziwa kuti sikuluwu ya mu mlombwa siibowoleredwa ngati ya mu paini, ndipo m'kamwa n'chimodzimodzi. Pofewa, dokotala amasiya bowo lili laling'ono kuposa implant kuti mazinga akanikize fupa n'kugwira. Polimba amakulitsa bowo mokwanira, nthawi zina n'kudula mazinga m'fupamo chitsulo chisanalowe.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi oganiza kuti kuthina kwambiri ndiko kulimba. Madokotala ambiri amafuna mphamvu yomangira ya pafupifupi 35 Ncm (muyeso wa mphamvu yopotokolera chitsulocho m'fupa) ngati akufuna kuvekapo dzino losakhalitsa tsiku lomwelo. Koma kukakamiza chitsulo m'fupa lolimba kungafinye timitsempha ta magazi, ndipo fupa la m'mphepete lingasungunuke. Palinso njira ya dokotala wa mano Salah Huwais, yomwe chobowolera chimazungulira chambuyo n'kumapanikizira fupa m'mbali m'malo molichotsa. Pafupa lofewa imathandiza kugwira kwa tsiku loyamba, ngakhale ine sindiiona ngati yolowa m'malo mwa dzanja lodziwa kumva fupa.

Chimene wodwala ayenera kudziwa n'chakuti kulimbako kumatsika pakati pa sabata yachitatu ndi yachinayi. Fupa lakale lomwe linagwira mazinga limakhala likusungunuka, latsopano lisanakhwime. Nthawi imeneyi ululu umakhala utatha, munthu n'kumadziona ngati wachira, n'kuyamba kutafunira mbali yomweyo chimanga chokazinga. Dokotala wanu akati dikirani miyezi itatu kapena kuposerapo, makamaka ngati implant ili kumbuyo m'mwamba, akuwerengera fupa lomwe analimva pobowola.