Horace Ford, munthu amene anasintha kaponyedwe ka mivi ku England

Mukamaonera ma Olympics pa TV n'kufika pa masewero a uta ndi mivi muonetsetse pamene aliyense amaimitsira dzanja akakoka nsinga, ndi pansi pa chibwano, nsinga n'kumakhudza mphuno ndi mlomo, kaya ndi wa ku Korea kaya wa ku Mexico onse chimodzimodzi. Zimaoneka ngati ndi mmene anthu akhala akuponyera chiyambire koma ayi ndithu. Ku England kwa zaka mazanamazana lamulo linali loti nsinga izikokedwa mpaka kukhutu, ndipo amene analimbana ndi lamulo limeneli mpaka kuligwetsa anali bambo wina dzina lake Horace Alfred Ford, wobadwa mu 1822. Ine ndimamutenga kuti ndi m'modzi mwa akatswiri amasewero amene dziko linawaiwala mosayenera, nde ndati ndikufotokozereni.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinalili iye asanafike. Angerezi uta ankaunyadira kwambiri chifukwa cha nkhondo zakale, monga ya ku Agincourt mu 1415 komwe oponya mivi awo anagonjetsa Afalansa amene anali ochuluka kuposa iwo. Uta wake unali wautali, msinkhu wa munthu, wosemedwa kuchokera ku mtengo wotchedwa yew. Koma mfuti zitabwera uta unayamba kutha ntchito ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 boma linali litasiya kuudalira pa nkhondo. Unadzabweranso patapita nthawi yaitali ngati chosangalatsa cha anthu opeza bwino. Mu 1781 Sir Ashton Lever anayambitsa kalabu ku London yotchedwa Toxophilite Society, mwana wa mfumu amene anadzakhala George IV n'kuikonda, basi mabwana onse anayamba kutsatira. Makalabu anabuka m'madera ambiri, koma kunena zoona ambiri ankapitirako kukaonetsa mayunifolomu obiriwira, kudya, kuvina ndi kufunsirana, zolasa chandamale zinali zachiwiri.

Mpikisano wa dziko lonse woyamba, umene ankautcha Grand National Archery Meeting, unachitika mu 1844 mumzinda wa York pabwalo la Knavesmire. Apa mpamene panakhazikika kaponyedwe kotchedwa York Round, ndipo kuti mumvetse kukula kwa zimene Ford anadzachita mukuyenera kaye kumva mmene masamu ake amayendera. Munthu amaponya mivi 72 ataima pa mtunda wa mayadi 100, kenako mivi 48 pa mayadi 80, n'kumaliza ndi mivi 24 pa mayadi 60, yonse pamodzi 144. Mayadi 100 ndi mamita 91, ndiye kuti mwaima pafupi ndi golo imodzi ya bwalo la mpira n'kumalasa chinthu chimene chili chakugolo inayo. Chandamale chake ndi chozungulira, mafiti 4 m'mimba mwake, chopangidwa ndi udzu woluka n'kukutidwa ndi nsalu yojambulidwa mizere yamitundu isanu. Pakati penipeni pagolide ndi mapointi 9, pofiira 7, pabuluu 5, pakuda 3, poyera kunja 1. Pa mpikisano waukuluwo anadzayamba kumaponya York Round kawiri, masiku awiri, mivi 288. Mivi imaponyedwa itatuitatu, zandamale zili mbali zonse ziwiri za bwalo, mukaponya mumayenda kukazula mivi n'kutembenuka kuponyera komwe mwachokera, tsiku lonse choncho, kaya kuli mphepo kaya mvula. Chaka choyambacho anaponya York Round imodzi yokha ndipo anapambana anali m'busa wina, Rev. Higginson, ndi mapointi 221 basi. Pa mivi 144 imene inalasa chandamale inali 53. Ameneyo ndiye anali katswiri wa dziko lonse.

Ford uta anaugwira koyamba mu 1845 ali kale ndi zaka zopitirira 20, si munthu woti anakulira m'masewerowa. Atapita koyamba ku mpikisano waukulu mu 1848 ku Derby sizinamuyendere olo pang'ono, anapeza 341 pa masiku awiri onse. Apa mpamene pamandisangalatsa ine. Sanangoti ndiwonjezere kuyeserera mmene ena onse ankachitiramo, anakhala pansi n'kuyamba kudzifunsa kuti kodi muvi umaphonyeranji, chimaupatutsa n'chiyani kuchokera pamene wachoka pa nsinga. Chaka chotsatira, 1849, ku Derby komweko, anatenga mendulo ya ukatswiri, ndipo kuyambira pamenepo sanaitaye mpaka 1859, zaka 11 zotsatizana. Anakapambana ku Edinburgh, ku Leamington, ku Shrewsbury, ku Cheltenham, ku Exeter, kulikonse kumene mpikisano unkasamukira.

Nde chimene anapeza n'chiyani? Akale onse ankati kokani mpaka kukhutu chifukwa ndi mmene makolo ankakokera ku nkhondo. Ndipo ku nkhondo zinali zomveka, pamenepo chofunika ndi mphamvu, muvi wolemera upite patali ukaboole chovala chachitsulo, komanso mukuponyera chigulu cha anthu osati kadontho kamodzi. Koma Ford anaona kuti munthu wokoka ndi dzanja lamanja akafikitsa nsinga kukhutu, thako la muvi limakhala kumbali, kumanja kwa diso, pomwe nsonga yake ili kutsogolo kwa diso. Ndiye kuti muviwo wagona mopingasa, sukuloza kumene diso likuyang'ana, ukauleka umathawira kumanzere. Anthu ankachita kulozetsa dala kumanja kwa chandamale mongoganizira kuti muvi ukakhote bwino, lero zitheka mawa zikanika, iwo n'kumati ndi mwayi kapena mphatso yobadwa nayo. Ford anati ayi, dzanja litsike libwere pansi pa diso, m'munsi mwa nsagwada, kuti muvi wonse kuyambira kuthako mpaka kunsonga ukhale mumzere umodzi ndi diso. Mukatero nkhani ya kumanja ndi kumanzere yatha, chatsala ndi kukweza kapena kutsitsa basi.

Pa kukweza ndi kutsitsako anabweretsanso nzeru ina. Mauta a nthawi imeneyo analibe kachida koyang'anira kamene mumaona pa mauta amakono. Iye ankagwiritsa ntchito nsonga ya muvi womwewo. Munthu ukakoka mofanana nthawi zonse n'kuimitsa dzanja pamalo amodzimodzi, ukhoza kupeza malo oti ukaikapo nsonga ya muvi m'maso mwako, muvi ukagwera pagolide. Pa mtunda wautali malowo amatha kukhala pamwamba pa chandamale, mwina nthambi ya mtengo kuseri kwake, pa mtunda waufupi amakhala pansi, pa kapinga patsogolo pa chandamale. Akuluakulu ambiri a m'makalabu izi sanazilandire msanga, kwa iwo woponya weniweni ankayenera kungoyang'ana pagolide n'kuleka muvi, zoyeza ndi nsonga zinkaoneka ngati kuchepetsa ulemu wa uta wa makolo. Koma zigoli zinkayankha zokha. Mu 1854 ku Shrewsbury anapyola 1,000, chinthu chimene sichinachitikepo pa mpikisano wa dziko lonse, anapeza 1,074.

Panalinso tina ting'onoting'ono timene ankalimbikira. Oponya mivi amavala chikopa pamkono wogwira uta kuti nsinga isawapweteke, ndipo ambiri ankaona ngati n'zabwinobwino kuti nsinga izimenya chikopacho, ena mpaka kumasangalala ndi phokoso lake. Ford anati nsinga ikamenya mkono ndiye kuti muvi wasokonezeka kale usanachoke, konzani kagwiridwe ka uta kuti nsinga izidutsa osakhudza kanthu. Ankadananso ndi khalidwe lonyamula uta wolimba kupitirira mphamvu zako pofuna kuoneka mwamuna, ankati uta wabwino ndi umene ungaulamulire mpaka muvi womaliza wa tsiku lachiwiri. Zonsezi anazilemba poyamba mu nyuzipepa ya zamasewero yotchedwa The Field, kenako zinatuluka ngati buku mu 1856, Archery: Its Theory and Practice. Buku lotchuka la uta lisanabwere limeneli linali Toxophilus la Roger Ascham la mu 1545, limene linagawa kuponya m'magawo asanu, kuima, kuika muvi pa nsinga, kukoka, kugwira, ndi kuleka. Ford magawo asanuwo sanawataye, anangowatenga limodzilimodzi n'kufotokoza chifukwa chake chilichonse chiyenera kuchitika mwakutimwakuti, ndipo pamene akale analakwitsa ankanena mosapsatira. Chimene ndimamulemekezera n'choti anatulutsa bukuli adakali pampando, akupikisanabe. Chinsinsi chonse anachipereka kwa anthu omwe ankafuna kumulanda mendulo.

Ndiye kunabwera 1857 ku Cheltenham. Pa mivi 288, mivi 245 inalasa chandamale ndipo mapointi anakwana 1,251. Taganizani kuti theka la mivi imeneyi, 144, inaponyedwa pa mamita 91 aja, ndi uta wa mtengo umene mphamvu yake imasintha kukatentha kapena kukachita chinyezi, mivi yamitengo ya nthenga za mbalame imene olo mutaisankha bwanji siingafanane ndendende kulemera kwake, panja pamphepo. Zaka 13 zokha m'mbuyomo katswiri wa dziko ankalasa kamodzi pa mivi itatu iliyonse. Anzake opikisana nawo anali akukwera nawonso chifukwa chotsatira njira zake, koma iye anali patali kwambiri moti mpikisano weniweni unkakhala wolimbirana nambala 2.

Kenako zinthu zinatembenuka. Dzanja lake lokokera nsinga linavulala minyewa ndipo zala zinasiya kumumvera pa nthawi yoleka muvi, pomwe masewero onsewa agona pa kamphindi kameneko, zala zikachedwa kapena kugwedezeka pang'ono basi muvi wapita kwina. Mu 1860 ku Bath mendulo inapita kwa George Edwards. Zaka zotsatira Ford sanalinso woopsa uja, ndipo ndimaganiza kuti zinali zowawa kwambiri kwa munthu amene ankadziwa bwino kuposa wina aliyense chimene dzanja liyenera kuchita koma dzanjalo likukana. Ambiri akanasiyiratu. Iye anabwereranso mu 1867 ku Brighton ali ndi zaka pafupifupi 45 n'kutenganso ukatswiri kachikhumi ndi chiwiri, ndipo sanapambane mwamwayi ayi, anapyolanso 1,000. Kwa ine chipambano chimenechi chimaposa cha ku Cheltenham, chifukwa mu 1857 anali ndi thupi ndi nzeru zonse pamodzi pomwe mu 1867 ankapikisana ndi anthu amene anaphunzira m'buku lake lomwe, iye ali ndi dzanja losadalirika.

Pa nthawi imeneyi masewerowa anali atakhazikika. Mu 1861 ku Liverpool kunakhazikitsidwa bungwe la Grand National Archery Society kuti liziyendetsa mpikisanowu, ndipo ndi lomweli limene lero limadziwika kuti Archery GB. Amayi nawonso anali atalowamo kuyambira mu 1845, uta unali m'gulu la masewero ochepa kwambiri amene mzimayi wa nthawi ya Mfumukazi Victoria ankaloledwa kupikisana pagulu, ndipo m'modzi wa iwo, Alice Legh, anadzapambana ukatswiri wa amayi ka 23 pakati pa 1881 ndi 1922, kuposa Ford amene pa chiwerengero. Ameneyo akufunika nkhani yakeyake tsiku lina.

Ford anamwalira mu 1880. Buku lake linakonzedwanso ndi W. Butt n'kutulukanso mu 1887, ndipo linawoloka nyanja kukafika ku America komwe masewerowa anali atangoyamba kutchuka kumene, bungwe lawo la National Archery Association linakhazikitsidwa mu 1879 ndi abale awiri Maurice ndi Will Thompson ali patsogolo, ndipo nawonso anatengera York Round yomweyo ngati muyezo wa amuna. Pa ma Olympics a ku London mu 1908 amuna anaponyanso York Round kawiri, William Dod n'kutenga golide ndi mapointi 815, kutali kwambiri ndi zija za ku Cheltenham. Rekodi ya 1,251 inakhala osafikiridwa pa mpikisano waukulu uliwonse kwa zaka zoposa 70, inadzagwa mu 1929 ku America, Ford atagona m'manda pafupifupi zaka 50.