Thadzi Limaikira Ngakhale Popanda Tambala

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp: akuti nkhuku zanu sizingaikire ngati mulibe tambala m'khola, ndipo mazira a nkhuku zopanda tambala ndi "amankhwala". Zonsezi ndi zabodza.

Msoti ukakhwima, pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, umayamba kuikira wokha. Ntchito ya tambala ndi yoti dziralo lidzaswe mwanapiye likafungatiridwa masiku 21, basi. Mazira ambiri ogulitsidwa pa thireyi amachokera ku nkhuku zomwe sizinaonepo tambala, ndipo ndi chakudya chabwinobwino.

Ngati mukufuna anapiye, tambala mmodzi amakwanira mathadzi pafupifupi 10. Mukachulutsa atambala m'kakhola kakuseri kwa nyumba, muona ndewu ndi mathadzi othothoka nthenga pamsana. Za aneba odzutsidwa m'bandakucha sitinena.

Kutsimikiza n'kosavuta. Patulani mathadzi awiri kwa mwezi, muone ngati asiye kuikira. Dzira lofungatiridwa sabata imodzi liunikeni ndi tochi mumdima: lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira. Mukakayika, funsani alangizi a ziweto akwanuko.

Chonde, uthenga umenewu ukakupezani musautumizenso kwa ena.