Chenjezo pa Sopo ndi Mafuta Odzola Amene Akuthera M'mitsinje ya ku Zomba

Mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe imakathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choncho zimene timasukuluzira mumtsinje posamba ndi pochapa zimakakhazikika m'matope a kumeneko, komwe timadalira matemba, makumba ndi milamba.

Aliyense wofika padooko m'mawa amaona thovu likuyandama pafupi ndi mwala wochapira, kwinaku mwana akutunga madzi chakumunsi. Thovulo limatha msanga, koma mankhwala ena a m'sopo, mafuta odzola ndi owongolera tsitsi saphwanyika msanga m'madzi. Sopo wina wa ufa amakhala ndi mankhwala otchedwa phosphate, amene amachulukitsa ndere, ndipo ndere ikamaola imamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Sopo wina wolembedwa kuti amapha tizilombo amakhala ndi triclosan, mankhwala amene dziko la America linaletsa mu sopo wosambira mu 2016.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu, makamaka ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, chifukwa ena amakhala ndi mercury, mtundu wa chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Wodzolayo akasamba mumtsinje, mercury amalowa m'matope, tizilombo ta mmenemo timamusandutsa poizoni woopsa koposa, ndipo amaunjikana m'matupi a nsomba mpaka kufika m'mbale yathu. Amawononga impso ndi mitsempha, komanso amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana amene ali m'mimba. Wovulazidwayo akhoza kukhala munthu amene sanadzolepo mafutawo n'kamodzi komwe.

Ambiri amakhulupirira kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumathetsa zonse. Njira zimenezi n'zofunika ndithu chifukwa zimapha tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba, koma sizichotsa mercury. Madzi akumwa azitungidwa pamjigo kapena pampopi.

Posamba ndi pochapa, tungani madzi m'ndowa, mukagwirire ntchitoyo kumtunda kutali ndi mtsinje, ndipo madzi otsalawo muwathire m'dzenje loikamo miyala kuti alowe pansi m'malo moyenderera kubwerera kumtsinje. Mabotolo otha mafuta asatayidwe m'ngalande kapena m'dimba. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asiyiretu mafuta oyeretsa khungu, ndipo amene wawadzola nthawi yaitali n'kumaona kunjenjemera kwa manja, dzanzi kapena kutupa miyendo apite kuchipatala atanyamula botololo kuti adokotala akalione.